Ola Limene Anabweza ku Mangalande

Tasunthani chikuni chanucho, anaJere, utsi wonse ukuthera m'maso mwanga. Ndipo nkhani ya mwana wanu wa ku Mangalandeyo taimva, yatikwana. Chifikireni pamaliro pano mukungoti mwana wanga waimba, mwana wanga watumiza jekete. Kodi mukuyesa ndinu nokha muli ndi munthu kunja? Nafenso tinali naye. Khalani pansi ndikuuzeni za ola limodzi limene azungu anabweza kwawoko, nkudzagwera m'nyumba mwathu kwa Kamphulusa.

Enanu simundidziwa. Ndine Kerita, mwana woyamba wa malemu anaSibeko. Tinabadwa awiri, ine ndi mng'ono wanga Jenala. Amayi anagwa sitiroko ali kudimba, mbali yonse ya kumanja nkufa, ndipo zaka zinayi zathunthu amene ankawatembenuza pamphasa, kuwasambitsa, kuchapa zoipa zawo m'bandakucha anthu asanadzuke, ndinali ine. Jenala anali ku Blantyre, amati akuphunzira zosamalira odwala. Mwezi wa Epulo chaka chachinayicho anakwera ndege kupita ku Mangalande kukasambitsa nkhalamba za eni ake, yakeyake ataisiya m'manja mwanga. Musandiyang'ane choncho. Ndinali ndi nsanje, ndipo ndikunena ndekha ndi pakamwa panga.

Atafika kumeneko anatumiza zinthu ziwiri, foni yaikulu yotsetsereka ndi chala ndi wotchi yapakhoma yoyendera batire. Anapangana ndi amayi kuti Lamulungu lililonse, sikisi koloko madzulo, aziimba. Kwawoko imakhala ili faifi, nthawi imene amaweruka, poti pantchito mafoni amawatsekera m'kabati mpaka atamaliza. Sanaphonyepo ngakhale kamodzi, pamenepo sindingamunamizire.

Amayi ankakhalira moyo Lamulungu limenelo. Kuyambira Lachinayi amakhala akufunsa kuti lero nlachingati. Likafika tsikulo amafuna ndiwasambitse masana, ndiwamange duku yatsopano ngati kuti akupita ku ukwati, ndiwakokere ndi mphasa yawo pafupi ndi windo, chifukwa m'nyumba monse netiweki imagwira pokhapo. Akatero maso amakhala pawotchi. Munthu amene sabata yonse amalephera kutchula supuni, foni ikangolira lilime limamasuka, kuseka mpaka kutsokomola. Ine ndili pakhomo ndi beseni m'manja. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma amayi anga mwambi umenewo unawadutsa.

Ndiye kunafika Okutobala, kutentha kuja kosagonetsa, nyenje zikulira mpaka mutu kuwawa. Amayi anali atafooka, phala akungolawa. Lachisanu lomaliza la mweziwo Jenala anatumiza uthenga wa mawu pafoni paja. Ndinaumvetsera ndili kuseri kwa khitchini. Amati kumeneko nyengo yozizira ikamayandikira amabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, dziko lonse, pamodzi ndi maiko oyandikana nawo, onse usiku umodzi monga anagwirizanirana. Kuno kwathu sitibweza. Ndiye faifi yake yowerukira, imene inali sikisi yathu, kuyambira Lamulungu limenelo ikhala seveni yathu. Anabwereza kawiri: "Achemwali, chonde muwauze amayi. Ndiimba seveni koloko, osati sikisi. Asadikire pachabe."

Ndinaseka ndekha. Ndinati anthu awa akhuta, mpaka ayamba kusewera ndi dzuwa, ndipo pogwirizana zawozo ife sanatifunse. Ndinalowa m'nyumba ndili ndi mtima wokawauza. Ndinapeza amayi akulozera khoma ndi chibwano, akufunsa ngati batire ya wotchi ya Jenala ikadali ndi mphamvu. Ine ndinali nditangowasintha nsalu kachitatu tsiku limenelo, manja akununkha, koma iwo nkhawa yawo inali pa batire. Za uthenga uja sindinawauze. Ndinati m'mtima, mulawe ola limodzi lokha, mudziwe mmene kumawawira kusawerengedwa.

Lamulungu ndinawasambitsa, ndinawamanga duku, ndinawakokera pawindo, foni ndinaiika pambali pa dzanja lawo lamoyo. Sikisi inakwana. Foni zii. Anadikira pang'ono nkufunsa ngati yatha moto. Ndinati ili ndi moto. Anafunsa za netiweki, ndinati yadzaza. Dzuwa linalowa, m'nyumba munayamba kuda, iwo maso ali pakhoma. Patapita nthawi anafunsa motsitsa mawu ngati mwana uja sanadwale.

Ndinayankha kuti, "Sanadwale. Wakuiwalani. Ali ndi amayi ena kumeneko, oyera bwino."

Ndinatuluka kukatsekera mbuzi, ndipo ndinachedwa dala. Ndinathirira nkhuku madzi, ndinaima pakhola nkumamvetsera nyenje. Pobwera ndinayatsa tochi, wotchi ikuti kwatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti seveni ikwane. Amayi anali atapendekera kuwindo, duku itagwa, dzanja lili pamwamba pa foni. Ndinawaitana. Ndinawagwedeza. Thupi linali likadali lofunda, koma mwini wake anali atachoka. Ndinakhala pansi duu, osalira, mpaka seveni koloko yeniyeni foni inayamba kulira pansi pa dzanja la munthu wakufa.

Usiku umenewo Jenala atamva, funso lake loyamba, ali pakati pa kulira, linali lakuti kodi ndinawauza. Ndinati ndinawauza. Nditangodula ndinafufuta uthenga uja. Kwa azimayi amene anabwera kudzakhuza ndinanena zina: kuti amayi afa akuyang'ana foni imene sinalire. Mawu otere sachedwa, m'mawa mudzi wonse unali ukudziwa.

Jenala pamaliro sanabwere, amati mapepala ake samulola kutuluka msanga. Amalume athu a Zakeyu, mlongo wawo wa amayi, mkulu wa mpingo wosadziwa kunong'ona, analamula kuti ndimuimbire pamaso pa abale, foni ndiikweze mawu. Anamufunsa chimene chinamugwira pa sikisi koloko. Jenala anafotokoza za mawotchi obwezedwa, ndipo anthu anaseka kuseka koipa, kwa pamaliro. A Zakeyu anati pa mabodza onse amene anamvapo chibadwire, ili linali lachipongwe kuposa onse, chifukwa nthawi ndi ya Mulungu, palibe boma limene lingabweze dzuwa. Mphunzitsi wina amene anali pamenepo anayesa kunena kuti zimenezo zimachitikadi, koma anamuuza kuti za m'mabuku akanene kusukulu. Kenaka Jenala anati anatumiza uthenga kwa achemwali. Maso onse anatembenukira kwa ine. Foni yolandira mauthenga otere m'banja mwathu inali imodzi, ndipo inali m'manja mwanga. Ndinati sindinamvepo kanthu.

Kenaka Jenala anangoti, "Achemwali, Mulungu akukuonani."

A Zakeyu anamukalipira kuti akuwonjezera mwano pa bodza, namuuza kuti asadzaponde pamanda a amayi ake. Sabata isanathe, kuchigayo ndi kumjigo nkhani inali itakula. Ena amati Jenala anakhwimira amayi ake kuti apeze mapepala a kunja, nchifukwa chake sanaimbe, amadziwa kale ola limene atafe. Ine ndimamva, ndimangopukusa mutu ngati wachisoni. Ndikunena zoona, masiku oyambawo zimanditsekemera.

Lamulungu lotsatira ndinali ndekha m'nyumba. Ndinamva wailesi ya kwa aneba ikuyamba nkhani za seveni koloko, nditayang'ana pakhoma wotchi ikuti sikisi. Ndinati batire yatha. Ndinaika yatsopano, nkukonza mivi. Mawa lake madzulo, chimodzimodzi. Tsiku lonse imayenda bwinobwino, koma ikafika pa sikisi imaima, ikugunda ndithu, che che che, muvi osasuntha, mpaka kunja kutada. Ndinachotsa batire nkuitaya m'chimbudzi. Madzulo ake wotchi yopanda batireyo inagunda ola lathunthu, nkusiya.

Kenaka foni inayamba kusowa. Ndimaisiya pathebulo, kapena m'thumba la siketi yopachika pamsomali, dzuwa likamalowa palibe. Ndimakaipeza kuchipinda kwa amayi, pansi pa windo, pamphasa. Mphasa imeneyo ndinali nditaipinda nkuiimika pakona, koma ndimaipeza yoyala. Ndinatsekera foniyo m'sutikesi, kiyi nkumumanga pansonga ya chitenje. Madzulo sutikesi inali yokhoma, foni ili pamphasa, galasi lake lili ndi nthunzi ngati wina waipumira.

Nkhuku zanga zinasokonekera. Zimalowa m'khola dzuwa likulowa, kenaka zimatulukanso nkuima pabwalo mumdima, zonse zitayang'ana kuwindo kuja. Nyenje zimalira mudzi wonse, koma pakhomo pathu ikakwana sikisi zimangoti zii, ngati wina watseka chitseko. Madzi ndikawatereka nthawi imeneyo samawira, ngakhale nkhuni zikhale za tsanya. Ndipo kuchipinda kuja ndimamva mphasa ikulira, tswa, tswa, monga imachitira munthu wolemera mbali imodzi akamayesa kudzitembenuza.

Sindinauze munthu. Amene anaulula ndi a Wisikesi, bambo wa kabaza amene amanyamula anthu kuchokera kumsika. Tsiku lina mvula yoyamba itagwa anafika kwa a Zakeyu opanda njinga, matope mpaka m'mawondo. Amati pamphambano yolowera kwathu anaimitsidwa ndi mayi wachikulire atakhala pansi m'mbali mwa msewu, mwendo umodzi atautambasula. Anayesa wokwera. Mayiyo sanafunse mtengo, anafunsa nthawi. A Wisikesi anayang'ana pafoni yawo nkuyankha kuti sikisi yadutsa ndi theka. Mayi uja anati, "Ndiye sanaimbe." A Zakeyu anafunsa nkhope yake. A Wisikesi anati kunali chisisira, ndipo duku inali itatsikira kumaso, koma pamene mayiyo anakhala panali pouma, pomwe msewu wonse unali chithaphwi.

Kuyambira pamenepo anthu analeka kudutsa njira ya kwathu madzulo. Amene anadutsa amafika kumene amapita atachedwa, osadziwa kumene nthawi yathera. Mayi wina anachoka kumjigo kukuwala, nyumba yake ili apo pomwe pali mtengo uwo, anakafika ana atagona. Azimayi amene kale ankandimvera chisoni anayamba kundilambalala. Wina anandiuza pamaso kuti banja lathu lonse nlofunika kulisesa. Komabe dzina limene linkatukwanidwa kwambiri linali la Jenala, ndipo ine ndinalisiya lizitukwanidwa.

Mwezi wa Disembala a Zakeyu anabwera ndi Baibulo ndi buku la nyimbo, akuti athane nazo. Analowa kuchipinda kwa mlongo wawo sikisi ikukwana. Ndinawaikira tiyi pakhonde. Ndinawamva akuyamba nyimbo ndi mawu awo aakulu aja, ndime yoyamba, kenaka mawu anayamba kuchepa ngati munthu akupita kutali, mpaka ndinasiya kuwamva. Ndinakhala pakhondepo mpaka nyenyezi zinatuluka. Atatuluka anadabwa kuona mdima, amati angoimba ndime imodzi yokha. Tiyi anali atazizira. Milomo yawo inali mbuu, ndipo anakhala pansi osafuna mpando. Anati m'chipindamo simukuoneka kanthu, koma pawindo pali munthu akupuma, ndipo kupuma kwake nkwa munthu amene akumvetsera. Anati mlongo wawo sanapite, akudikira. M'nyumba mwathu sanalowenso.

Usiku womwewo anaimbira Jenala ndi kafoni kawo kamabatani, kumulalatira kuti taona zimene wachita, mayi ako akuyendayenda m'misewu. Ndinamva kuti Jenala sanayankhe mwano. Anangofunsa nthawi imene zimayamba ndi nthawi imene zimatha.

Ine ndinayamba kuwonda. Ndinayesa kukagona kwa mnzanga kutsidya kwa mtsinje, koma sikisi itakwana ndinapezeka ndaima pabwalo pathu, mapazi ali ndi matope, osakumbuka kuti ndawoloka liti. Kangapo ndinafika pakhomo la chipinda chija kuti ndinene, nkubwerera. Ndimadziwa chimene chikanamasula amayi ndi kuyeretsa dzina la mng'ono wanga. Anali mawu ochepa chabe, ndipo anali m'kamwa mwanga. Koma ndimaganiza za kumjigo, za kuchigayo, za maso a a Zakeyu, nkumeza.

Kumapeto kwa Malichi, chimanga chitayamba kuuma, Jenala anaimbira amalume. Kwa ine anali asanalankhule chichokereni pamaliro. Anati Lamulungu likubweralo kwawoko akankhiranso mawotchi kutsogolo, ndiye faifi yake ikhalanso sikisi yathu monga kale. Anapempha chinthu chimodzi, kuti foni ikaikidwe pamphasa ya amayi, ndipo ikalira munthu asaiyankhe. A Zakeyu anati za mawotchizo sakuzikhulupirirabe, koma atopa, ayesa chilichonse.

Lamulungu limenelo anabwera, a Wisikesi nawonso anabwera, ndi anthu ena amene anaima patali kumsewu. Foni sindinachite kuinyamula, inali kale pamalo pake. Tinakhala pakhonde, chitseko chili chotsegula. Nkhuku zinatuluka nkuima pabwalo. Wotchi yopanda batire ija inayamba kugunda. Sikisi koloko yeniyeni foni inalira. Inalira kamodzi, kawiri, kachitatu inadukira pakati.

Tinamva mawu a Jenala, aang'ono, ochokera kuchipinda. Anapereka moni monga ankachitira, nkufunsa mmene adzukira. Kenaka anakhala chete, chete wa munthu amene akuyankhidwa. Ife mbali inayo sitimamva kanthu, koma mphasa yokha, tswa, tswa. Jenala analankhulanso. Pena amaseka, pena amalira, pena amangoti eya, eya amayi. Ndinamumva akufotokoza za mawotchi pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana. Kenaka panali chete wautali kuposa onse. A Wisikesi anavula chipewa. Ine ndimadziwa chimene chikunenedwa m'chetemo.

Wotchi inasiya kugunda. Nkhuku zinatembenuka nkulowa m'khola zokha, ndipo kwa nthawi yoyamba pa miyezi isanu ndinamva achule akulira kudambo nthawi imeneyo. A Zakeyu anandikodola ndi mutu kuti ndikatenge foni. Ndinalowa. M'chipinda munali fungo la mafuta amene ndinkawadzoza amayi ndikawasambitsa. Foni inali ikadali yoyaka, yofunda ngati yachoka m'dzanja. Ndinatuluka nayo, mawu ali okweza, ngakhale ine sindinawakweze.

"Achemwali, muli pomwepo?" anatero Jenala. Mawu ake anali osalala, opanda mkwiyo, ndipo ndikanakonda akananditukwana. "Ine ndi amayi tamvana. Andiuza zimene munawayankha tsiku lija. Akuti ine sakundidikiranso. Akudikira inu, mukawauze chifukwa chake."

Anadula. Mpaka lero sanandiimbirenso. A Zakeyu anandiyang'ana nkungoti mlandu suola, kenaka anadzuka napita. M'mawa mwake kumjigo azimayi anachotsa ndowa zawo pamzere nditafika, nditunge ndekha ndichoke.

Ndinapirira masiku atatu. Lachinayi lake madzulo ndinagwada pakhomo la chipinda chija. Munali mdima, mphasa yoyala, ndi kupuma kuja. Ndinanena zonse, za uthenga, za kuseri kwa khitchini, za mbuzi zimene ndinachedwa nazo dala. Kupuma kunapitirira, kukumvetsera, chifukwa zimenezo sizinali zimene anafunsa. Ndiye ndinanena chenichenicho. Ndinati, "Amayi, zaka zinayi ndikukusambitsani, dzina langa simunalitchulepo. Mumangoti iwe, bweretsa madzi, iwe, nditembenuze. Lilime lanu limakwanitsa Jenala yekha. Ndimafuna tsiku limodzi lokha mutaye mtima pa iye, muitane ine."

Mphasa inalira kamodzi. Kenaka kuchokera pansi pa windo, ndi lilime lolemera lija, pang'onopang'ono, anaitana: "Kerita."

Ndinatsala pang'ono kuvomera. Pakamwa panali patatseguka kale. Koma nonsenu munaleredwa ngati ine, mukudziwa kuti mawu okuitana mumdima, mwini wake osamuona, savomeredwa. Ndinatseka pakamwa ndi manja onse awiri nkutuluka chokwawa.

Ndi chaka chachitatu tsopano. Kumphambano kulibenso munthu, njira ya kwathu anthu akudutsa, Jenala anabwera chaka chatha nakagwada pamanda, a Zakeyu atamugwira dzanja. Zonse zinatha, kupatula chimodzi. Madzulo alionse amandiitana, kulikonse kumene ndili, kumunda, kutchalitchi, ngakhale pamaliro ngati pano. Lero munandiona ndikugwetsa mbale paja dzuwa likulowa, mukuti ndaledzera. Saitana mokalipa ayi. Amaitana mokoma, mmene ndinkafunira zaka zonse zija, ndipo tsiku lililonse ndimachedwerako kutseka pakamwa.